Mnzako Akakuonetsa Chithunzi

Pa Ginnery Corner, pamene msewu waukulu wa Masauko Chipembere udutsa pochokera ku Blantyre kunka ku Limbe, papita anthu ambiri tsiku ndi tsiku. Dzina la malowa lichokera ku mawu a Chingerezi otanthauza nyumba ya makina ochotsa njere m'thonje, ngakhale otchula dzinali lero sakumbukiranso za thonje. Pamenepo tiona ophunzira a pa sukulu yaikulu imene kale inkatchedwa Polytechnic. Tiona odwazika matenda otuluka m'chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri achitcha Gulupu. Tiona ogulitsa nthochi ndi oitanira minibasi. Ndipo ambiri mwa anthu amenewa ayenda ndi kamera m'thumba, pakuti foni za masiku ano zijambulanso zithunzi.

Kale kujambula kunali ntchito ya anthu owerengeka. Munthu wofuna chithunzi ankasamba, navala zovala za pa Sabata, napita kwa mwini kamera. Atatero ankadikira masiku angapo kuti chithunzicho achitsuke. Tsopano zinthu zasintha. Mnyamata ajambula agogo ake pakhonde, kapena pumbwa ali mumtengo wa mango, kapena phiri la Soche dzuwa lili kulowa, ndipo nthawi yomweyo atembenukira kwa mnzake nati, "Taonani achimwene, chili bwanji?"

Funso limeneli lioneka laling'ono, koma lili ndi mlandu m'kati mwake. Kawirikawiri chithunzi chija sichinatuluke bwino. Nkhope ya agogo yada bii, pumbwa aoneka ngati kadontho, phiri lapendekeka ngati lifuna kugwa. Nanga wofunsidwayo ayankhe chiyani? Anene zoona, mnzake achite manyazi? Kapena aname, mnzake akondwere? Iyi ndiyo nkhani imene tifuna kuilingalira pamodzi, inu owerenga.

Poyamba tisiyanitse anthu awiri, pakuti si aliyense woonetsa chithunzi amene afuna chiweruzo. Mayi wina atulutsa chithunzi cha mwana wake amene ali pa ntchito ku Johannesburg. Chithunzicho chili ndi chimbuuzi, ndipo mutu wa mwanayo wadulidwa pamwamba. Mayiyo sali kufunsa za luso la wojambula ayi. Ali kukuonetsani mwana wake. Munthu amene angayambe kunena za mutu wodulidwawo ndi wopanda mwambo. Yankho loyenera n'lakuti, "Wakulatu mwana wanuyu, mayi." Koma pali wina amene wayamba kukonda ntchito yojambula nafuna kuidziwa. Ameneyu abwera ndi zithunzi khumi, ndipo pamene inu muli kuyang'ana zithunzizo iye ali kuyang'ana nkhope yanu. Nkhani yathu ili pa munthu wachiwiriyu.

Ambiri a ife timyankha kuti, "N'chabwino zedi," ndipo titi umenewo ndi ulemu. N'zoona kuti makolo anatiphunzitsa kusachititsa munthu manyazi. Mlendo sanena kuti ndiwo zachepa mchere. Komatu mwini nyumba sanampemphe mlendoyo kuti amphunzitse kuphika; wangompatsa chakudya. Wojambula uja wafunsa. Mtsikana wophunzira kuphika akafunsa amayi ake ngati nsima yapsa, amayiwo n'kumuuza kuti yapsa pamene ili yaiwisi, sitinganene kuti amchitira ulemu. Amtumiza kukachita manyazi aakulu pakati pa alendo.

Ndiponso tayang'anani maso a munthu wonena kuti "n'chabwino zedi." Sakhala pa chithunzicho ngakhale nthawi yomezera malovu. Pa Facebook ndi pa WhatsApp n'chimodzimodzi: munthu adinda kachala koloza kumwamba napitirira, osaona kanthu. Ine ndiyesa kuti kuyamika kotere sikuchokera m'chifundo koma mu ulesi. Kuyang'anitsitsa ntchito ya mnzako kufuna nthawi, ndipo kunena zimene waona kufuna kulimba mtima. Mawu akuti "n'chabwino" atipulumutsa ku zonse ziwirizi. Wojambula uja anadzuka mbandakucha, nakhala m'mame kudikira mbalame, ndipo ife tamlipira ndi ndalama yabodza. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Pali munthu winanso amene adzitcha wonena zoona, koma ndi wonyoza chabe. Iye adziwako pang'ono za makamera, ndipo chithunzi cha mnzake chimpatsa mpata woonetsera nzeru zakezo. Mawu ake oyamba ndi akuti, "Foni yanuyi ndi yotchipa, simungajambule nayo kanthu." Mawu otere alibe thandizo, pakuti anena za chinthu chimene mnzakeyo sangachisinthe mawa. Ndiponso si oona. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali munthu dzina lake Seydou Keïta, mwana wa mmisiri wa matabwa. Mu 1935 wachibale wake anampatsa kamera ya mtundu wa Kodak Brownie, imene inali kabokosi chabe kopangira anthu wamba. Anayamba ndi kujambula a pakhomo pawo, ndipo mu 1948 anatsegula malo ake ojambulira. Lero zithunzi zake zisungidwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Ulaya ndi ku America. Akadakumana ndi wonyoza m'chaka choyamba chija, mwina akadaponya kabokosiko pansi pa kama nabwerera ku matabwa.

Woyamika wabodza ndi wonyoza asiyana pakamwa, koma alakwa pamodzi. Onse awiri aganiza kuti pa nkhaniyi pali anthu awiri okha, iwo ndi wojambula. Aiwala wachitatu. Wachitatuyo ndiye amene ali m'chithunzimo: agogo aja, pumbwa uja, phiri lija. Amenewa sangadzinenere okha. Agogo sadzati, "Mdzukulu wanga, nkhope iyi si yanga." Tsono ntchito ya wofunsidwa ifanana ndi ntchito ya nkhoswe. Nkhoswe yabwino siombera m'manja zonse zimene mbale wake achita m'banja, ndiponso sipita kukamnyoza pagulu. Ikhala pansi, imva mbali zonse, ndipo iuza mbale wakeyo pamene wamlakwira mnzake, chifukwa ifuna kuti banja lilimbe. Chomwechonso woyang'ana chithunzi aime pakati pa wojambula ndi chojambulidwa, nafunse funso limodzi: kodi chithunzichi chanena zoona za amene ali m'menemu? Funso ili lili ndi ubwino wake, pakuti lichotsa mlandu pa thupi la wojambula. Simuli kumuuza kuti iye ndi mbuli. Inu ndi iye mwatembenukira pamodzi kwa agogo, kuona ngati mwawalandira bwino.

Tiyambe ndi zithunzi za anthu, pakuti ndizo zichuluka. Chilema chachikulu pa zithunzi zimenezi ndi nkhope yobisika mumdima. Wojambula aimika munthu pabwalo dzuwa lili paliwombo. Pamenepo mthunzi ugwera m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo munthuyo atsinzina. Kapena amuimika kutsogolo kwa zenera kapena kwa thambo lowala. Kamera iona kuwala kwa kumbuyoko niyesa kuti kwakwanira, ndipo nkhope itsala yakuda. Malaya oyera ainyenganso chimodzimodzi. Nkhoswe ya chithunzi singonena kuti, "Chada." Inena kuti, "Mphwanga, agogo ali ndi makwinya okoma pamene aseka, koma pano sindikuwaona. Mawa m'mawa uwakhazike pakhonde, nkhope yawo iyang'ane kumene kuchokera kuwala. Iwe uime chakunja, ndipo ugwade kuti maso ako alingane ndi awo." Malangizo otere salira ndalama, ndipo mnyamatayo angawayese dzuwa likangotuluka.

Pano pali msampha umene tiyenera kuutchula. Ena akaona nkhope yada m'chithunzi ati mankhwala ake ndi kuyeretsa khungu, ndipo foni zambiri zili ndi njira yosalazira ndi kuwalitsa nkhope. Mtsikana atuluka m'chithunzi ali woyera ngati khanda lobadwa dzulo, wopanda ngakhale kachipsera, ndipo anzake onse ayamika. Vuto limeneli lili ndi mbiri yake. Kampani ya Kodak ya ku America, imene inkapanga filimu yochuluka pa dziko lapansi, inkatumiza kwa otsuka zithunzi kakhadi kokhala ndi nkhope ya mkazi wachizungu, kuti aziyesera pamenepo maonekedwe a khungu. Kakhadiko ankakatcha Shirley, ndipo kanagwira ntchito zaka zambiri kuyambira m'ma 1950. Chotsatira chake chinali chakuti munthu wakuda kawirikawiri ankatuluka ngati mthunzi wokhala ndi mano ndi maso. Cholakwa sichinali pa khungu koma pa muyeso. Masiku ano makampani ena, monga opanga foni za Tecno, ayesa kukonza makamera awo kuti aone bwino khungu lakuda. Koma muyeso wakale uja ukadali m'mitu ya anthu. Chotero posamala mnzathu tisamalenso lilime lathu. Kuti kuwala kwachepa ndi nkhani ina; kuti munthuyo ndi wakuda ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi si chilema. Chithunzi chimene mayi sangazindikire nacho mwana wake wobala yekha chalephera, ngakhale anthu mazana atachidindira kachala.

Kuwala si zonse. Pali zithunzi zosawala bwino zimene ziposa zowala. Pa Mishoni ya Blantyre, ulendo wosakwana ola limodzi kuyenda pansi kuchokera pa Ginnery Corner, panali mkulu wa osindikiza mabuku dzina lake Mungo Murray Chisuse. Iye anali mmodzi wa anthu oyamba a dziko lino kudziwa ntchito ya kamera, ndipo zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake zimene tili nazo lero anajambula ndi iyeyo. Chilembwe anaphedwa mu 1915, ndipo boma la nthawi imeneyo linagumula tchalitchi chake cha ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Pakadapanda ojambula, sitikadadziwa nkhope imene tiiona pa ndalama zathu. Palinso chithunzi china cha mu 1914, pamene Chilembwe waima ndi mzungu wa mishoni dzina lake John Chorley. Munthu wongoweruza kuwala anganene kuti n'chakale ndipo sichioneka bwino. Koma Samson Kambalu, mmisiri wa zaluso wa ku Malawi kuno, anachiyang'anitsitsa naona chipewa. Chilembwe wavala chipewa pambali pa mzungu, m'masiku amene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kuchokera pa chithunzi chimenecho Kambalu anapanga chifanizo chachikulu chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022. Nchifukwa chake nkhoswe isanatchule chilema chilichonse iyambe yafunafuna chipewacho, ndiko kuti chinthu chamoyo chimene wojambula wagwira, mwina osadziwa iye mwini. Kungakhale kagwiridwe ka agogo pa ndodo yawo, kapena kamwana kosuzumira pakhomo kumbuyo kwawo. Mukachipeza, chitchuleni ndi dzina lake. Kuyamika kotere n'kosiyana ndi "n'chabwino zedi" kuja, pakuti kuonetsa wojambula chimene ayenera kuchisunga.

Koma pali nthawi pamene chithunzi chiwala bwino, chiongoka bwino, ndipo nkhoswe iyenerabe kukana. Pafupi ndi chipatala pakhala anthu amene ali pa chisoni. Wina wagona pa kapinga atatopa ndi kudwazika, wina ali kulira maliro, wina wavulala pa ngozi ya pamsewu. Mnyamata wa kamera aona nkhope yogwira mtima naijambula mobisa. Akakuonetsani chithunzi chotere, funso loyamba lisakhale la kuwala. Mufunseni kuti, "Kodi mayiwa anavomera?" Chisoni cha munthu ndi chake, monga mbuzi yake ndi yake. Zimachitika kuti abale amva za imfa ya m'bale wawo poona chithunzi cha mtembo wake pa foni, uthenga wamwambo usanafike. Amene ayamika chithunzi chotere wathandiza kuba.

Tibwere ku mbalame. M'Malawi muli mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo nkhwazi ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Ngakhale mumzinda momwemu muli akhwangwala, apumbwa, akakowa ndi atchete. Wojambula woyamba kumene abwera ndi chithunzi cha masamba ambiri, naloza ndi chala kuti, "Mbalame ili apa." Akafika poloza ndi chala, ndiye kuti chithunzi sichinanene chimene iye anafuna. Muuzeni mofatsa kuti kukokera chithunzi pafupi ndi zala pa foni kungokulitsa chimbuuzi. Njira yake ndi kudziwa mtengo umene mbalameyo ikonda, kukhala pansi pamenepo m'mawa osagwedezeka, ndi kudikira kufikira diso la mbalame lioneke. Diso likaoneka bwino, mbalame ili ndi moyo. Likapanda kuoneka, yangokhala nthenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo maso a pumbwa afuna kudekha komweko.

Tsono tsiku lina mnyamata yemweyo abwera ndi chithunzi chodabwitsa: ana a mbalame ali m'chisa, kukamwa kuli yasa, chilichonse chioneka bwino. Apa woyamika wabodza ndi wonyoza agwirizana kuti n'chokongola. Nkhoswe yokha ndiyo ifunsa kuti, "Unafika bwanji pafupi chotere?" Ngati anathyola nthambi zophimba chisa kuti kamera ione, wasiya anawo pa dzuwa ndi pamaso pa khwangwala. Ngati anagwira mbalame ndi ulimbo naimangirira mwendo, chithunzicho ndi bodza, pakuti chionetsa mkaidi ngati mfulu. Timba sachepa ndi mazira ake. Mnyamata amene wasiya legeni natenga kamera wachita bwino, koma tiyenera kumuuza kuti kamera nayonso ikhoza kupha.

Wina adzatsutsa nati, "Kodi inu ndinu yani kuti muweruze? Chokoma kwa inu si chokoma kwa ine." Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Wina akonda chithunzi cha mitundu yowala, wina akonda chakuda ndi choyera, pamenepo palibe mlandu, ndipo wofunsidwa azinena poyera kuti, "Uku ndi kukonda kwanga chabe." Ayeneranso kufunsa wojambula chimene anafuna, pakuti mwina mdima uja anaufuna dala. Koma kuti mayi uja sanavomere, kapena kuti chisa chathyoledwa, si nkhani ya kukonda. Ndiponso si nzeru kutsanula zilema zonse tsiku limodzi. Chilema chimodzi chimene munthu angachikonze sabata ino chikwanira, zina zidikire. Ndipo zinenedwe muli awiri, monga achitira ankhoswe, osati pa gulu la WhatsApp pamene anthu makumi asanu ali kuwerenga.

Zatsala zithunzi za malo. Woima pa Ginnery Corner azunguliridwa ndi mapiri: Soche chakumwera, Ndirande ndi Michiru chakumpoto. Zilema za zithunzi zotere n'zosavuta kuzitchula. Dziko lapendekeka chifukwa dzanja linapendekeka. Thambo ladya malo onse, phiri latsala kansonga. Kapena phiri laoneka lotuwa, chifukwa analijambula mu Seputembala kapena Okutobala, pamene utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zidzaza mlengalenga. Muuzeni wojambula kuti abwererenso mvula yoyamba ikagwa, pamene mpweya wasambitsidwa ndipo miyala ya paphiri ioneka umodzi umodzi. Muuzeninso kuti aike kanthu patsogolo, mtengo kapena munthu wosenza mtolo, kuti diso lidziwe kukula kwa phirilo.

Chovuta chili pena. Ojambula ambiri afuna phiri lokongola lokhalokha. Atembenuza kamera kuti nyumba zokwera m'mbali mwa phiri zisaoneke, adula zitsa za mitengo, ndipo ena awonjezera kubiriwira ndi zala zawo pa foni, kotero kuti phiri lometedwa lioneka ngati nkhalango. Kodi nkhoswe inene chiyani pamenepa? Sitinganene kuti kufuna kukongola ndi tchimo. Munthu wotopa ndi fumbi la mumzinda ali ndi ufulu wopumitsa maso ake. Koma phiri nalonso lili ndi mbiri yake, ndipo silingathe kuinena lokha. Achikulire a ku Ndirande akumbukira pamene phiri lawo linali ndi nkhalango. Mitengoyo inatha m'zaka za m'ma 1990. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu ambiri anafa, ndipo mitembo ndi ovulala anabwera nawo ku chipatala chomwechi cha Gulupu. Zipsera za miyalayo zinatsala m'mbali mwa phiri ngati mikwingwirima ya chikwapu. Wojambula akakuonetsani Soche wopanda zipserazo, mutayamika mitambo yake ndi kuwala kwake, mufunseni kuti, "Nanga mbali inayo unaisiyiranji?" Mwina adzayankha kuti n'kosakongola. Pamenepo mungamkumbutse kuti adzukulu ake adzafuna kudziwa m'mene phirilo linalili m'masiku ake, ndipo sadzakhala ndi mboni ina koma zithunzi zakezo.

Ku Mandala House, nyumba yakale ya mu 1882, bungwe la Society of Malawi lisunga mabuku ndi zithunzi zakale za dziko lino. Ofufuza mbiri akatenga chithunzi chakale cha phiri kapena cha msewu, afunsa zinthu ziwiri: chinajambulidwa kuti, ndipo chaka chanji? Chotero langizo lotsiriza kwa wojambula malo lingakhale ili: zithunzi zimene wazikonda azitsukitse pa pepala, pakuti foni itayika ndiponso iwonongeka, kumbuyo kwake alembe malo, mwezi ndi chaka. Ndipo chaka chamawa, mwezi womwewo, akaime pa mwala womwewo nalijambulenso phirilo, kenaka abwere nazo zonse ziwiri kuti mudzawerenge pamodzi mitengo imene yatsala.